Homuweki ya mwana yandikumbutsa chitaganya

Mwana wanga wamkulu wabwera ndi homuweki dzana, akuti alembe za Federation, mmene dziko la Australia linayambira mu 1901. Ine kungomva liwu limenelo mtima unangoti phaa, paja kwathu ku Ntcheu federation ndi chitaganya, ndipo agogo anga aakazi akati atchule chitaganya ankayamba atsonya kaye. Nde tangoganizani kuno ku Melbourne kuli mpaka bwalo pakati pa tawuni lotchedwa Federation Square, anthu amajambulitsirapo akusekerera, ine zaka zonsezi ndimangodutsapo osaganizako n'komwe.

Tinakhala pa tebulo nkumawerenga limodzi. Chaka cha 1901 chisanafike kunalibe boma limodzi kuno, kunali madera 6 a Britain, New South Wales, Victoria, Queensland, South Australia, Western Australia ndi Tasmania, lililonse nyumba ya malamulo yakeyake, masitampa akeake, asilikali akeake. Anthu a chilankhulo chimodzi, mfumukazi yawo imodzi, koma ukawoloka mtsinje wa Murray ndi katundu kuchoka ku New South Wales kulowa ku Victoria a kasitomu akukudikirira kuti ulipire msonkho.

Za njanji ndiye ndinaziona ndi maso. Chaka chatha tikupita ku Sydney pa sitima tinaima pa Albury, tawuni ya m'malire a Victoria ndi New South Wales, pulatifomu yake yaitali zedi yoti munthu ali kumapeto uko sungamuzindikire, ndinafunsa agogo ena tinakhala nawo pafupi kuti kodi kutalika konseku bwanji, akuti mwanawe kale aliyense ankatsika pompano ndi masutikesi ake nkukwera sitima ina chifukwa njanji ya Victoria inali yotakata kuposa ya New South Wales, sitima ya uku sikanatha kuyenda uko. Ndipo zimenezo zinatha mu 1962, chitaganya chawocho chili ndi zaka 61 kale. Ndinaseka.

Amene amatchuka kuti anayatsa moto ndi Henry Parkes, analankhula ku Tenterfield mu 1889 kuti tiyeni tikhale boma limodzi, koma mkuluyu anamwalira mu 1896 osaziona. Panali misonkhano, 1891 ku Sydney, kenako 1897 mpaka 1898, kukangana za misonkho, za madzi a mu Murray, madera ang'onoang'ono akuopa kumezedwa nde anagwirizana kuti ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, dera lililonse likhale ndi aphungu ofanana chiwerengero, Tasmania chimodzimodzi New South Wales. A New Zealand anabwerako ku msonkhano wa 1891, anamvetsera, basi nkubwerera kwawo. Sydney ndi Melbourne ankalimbirana likulu ngati ana olimbirana nkhoko, mapeto ake anati limangidwe ku New South Wales koma pa mtunda wosachepera mamailosi 100 kuchokera ku Sydney, ndiye Canberra ameneyu, aphungu anasamukirako mu 1927.

Koma chimene chinandigwira ine ndi mavoti. Anthu anafunsidwa. Mu 1898 ku New South Wales oti inde anachuluka koma sanafike 80,000 imene inkafunika, zinakanika, anakonza zina nkuvotanso mu 1899. A Western Australia ankachita matama mpaka anthu a ku migodi ya golide ku Kalgoorlie anaopseza kuti adzipatula, nde anavota mu July 1900, mochedwa. Pa 1 January 1901 ku Centennial Park ku Sydney zinatheka, Edmund Barton nkukhala nduna yaikulu yoyamba.

Ife mu 1953 anatifunsa ndani? Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anazimanga mtolo umodzi, likulu ku Salisbury (Harare wa lero), mafumu athu anakana mpaka ena anapita ku London kukadandaula, osamvedwa. Referendamu inachitika ku Southern Rhodesia kokha, ovota ake pafupifupi onse azungu. Zotsatira zake ndi zija timakumbukira pa 3 March, anthu kuomberedwa ku Nkhata Bay mu 1959, Kamuzu kutsekeredwa ku Gweru, mpaka chitaganya kutha pa 31 December 1963.

Ndinayamba kumuuza mwana kuti waona, kuno anachita bwino anafunsa anthu, iye nkundidula, akuti adadi a teacher anati ma Aboriginal malamulo ake a 1901 ananena kuti asawerengedwe pa chiwerengero cha anthu, anadzachotsa mawu amenewo mu 1967. Ndinangoti kukamwa yasa. Eni nthaka, amene analipo zaka masauzande ambirimbiri sitima za azungu zisanakocheze, ambiri a iwo sanafunsidwenso ngati agogo anga omwe aja.

Homuweki walemba yekha, masamba awiri. Wandipempha kuti Loweruka tiwaimbire amalume ku Ntcheu pa WhatsApp, akufuna amve nyimbo zimene ankaimba nthawi ya chitaganya, nde ndawatumizira ya bandulo.