Ma ruck anga atatu mu AFL Fantasy ya 2024

Mu February 2024 ndinakhala pansi ndi foni kukonza timu yanga ya AFL Fantasy (masewera a pa intaneti momwe umagula osewera enieni a mpira wa ku Australia ndi ndalama zongoyerekeza zokhala ndi malire, n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera), ya mu ligi ya anzanga a kuntchito kuno ku Melbourne. Timu imafuna osewera 30, koma amene anandigonetsa mochedwa ndi atatu okha: ma ruck awiri a m'bwalo ndi mmodzi wa pa benchi.

Kwa inu amene simunaonerepo mpira wa ku Australia, ruck ndi chimphona chija chimadumpha mpira ukakhala m'mwamba pakati pa bwalo, n'kuugunda ndi chikhatho kuti ugwere mnzake. Kugunda kumeneko amati hitout, ndipo kumabweretsa pointi imodzi yokha. Kumenya mpira ndi phazi ndi mapointi 3, kuuwakha usanagwe pansi ndi 3, kugwira mdani amene ali ndi mpira ndi 4. Ndiye msinkhu pawokha sudyetsa. Ndimafuna munthu woti akadumpha athamangenso kukalimbirana mpira pansi.

Koma funso langa loyamba linali lina: kodi ku kalabu kwake ntchitoyi amaigwira yekha? Chaka cha 2023 chinatiphunzitsa tonse. Brodie Grundy atachoka ku Collingwood anakapezana ndi Max Gawn ku kalabu ya Melbourne, akatswiri awiri pa mpando umodzi. Anayamba kugawana nthawi ya pakati, mapointi a onse awiri anatsika, mpaka Grundy anakasewerako ku timu yachiwiri. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ku Fremantle nkhani ndi yomweyo: Luke Jackson amakolola zambiri Sean Darcy akakhala panja.

Ndinatenga pepala n'kulemba okhawo otsala okha. Grundy anali atapita ku Sydney, mtengo wake uli wotsika chifukwa cha chaka chovuta chija. Gawn anatsala yekha ku Melbourne. Ku North Melbourne, Todd Goldstein anali atasamukira ku Essendon, mpando n'kutsalira Tristan Xerri, amene ambiri sankamuwerengera. Ndalama za onse atatu panalibe, komanso malo ndi awiri. Ndinatenga Grundy ndi Xerri, zotsalazo ndinakagulira wapakati wodula. Kusiya Gawn kunandiwawa, ndisaname, ndipo sabata iliyonse akachita bwino anzanga sankachedwa kundikumbutsa pa WhatsApp.

Pa benchi ndi pamene ndinapsapo kale. Chaka china ndinaikapo mnyamata wotchipitsitsa amene sankasewera n'komwe, pofuna kusunga ndalama. Ruck wanga wina atachotsedwa pa mndandanda masewera atatsala pang'ono kuyamba, ndinalandira ziro. Ulendo uno wa pa benchiyo ndinasankha wolembedwa malo awiri, RUC/FWD (ruck komanso wakutsogolo), ndipo kutsogolo ndinaikanso wina wotero amene amasewera ndithu. Zikavuta ndimangowasinthanitsa malo popanda kugula munthu.

Kugula ndi kugulitsa amakupatsa mipata iwiri pa sabata. Ine mipata imeneyi ndinaisungira anyamata atsopano: mtengo wawo ukakwera n'kufika poti breakeven, mapointi ofunika kuti mtengo usatsike, yaposa zimene amapeza, ndimagulitsa. Ruck ndinalumbira kuti sindimukhudza chifukwa cha sabata imodzi yoipa, pokhapokha atavulala kwa nthawi yaitali kapena kochi atamubweretsera mnzake wogawana naye.

Chotsala chinali masabata a bye pakati pa chaka, pamene makalabu amapuma mosinthana. Nthawi imeneyo amawerengera mapointi a osewera 18 okha amene achita bwino, ndipo mipata yogula imakhala itatu. Ndinalemba pa kalendala ya kukhitchini sabata yopuma ya ruck aliyense, pambali pake dzina la womulowera. Lachinayi lililonse madzulo makalabu akatulutsa mayina, ndisanayang'ane za wina aliyense ndinkayamba ndaona ngati Sydney ndi North Melbourne alemba chimphona chimodzi kapena ziwiri.