Ulendo woyamba wokawedza ku Iceland: chikalata cha mankhwala chinandidyera tsiku

Za viza sindichulukitsa gaga. Iceland ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, inshuwalansi yachipatala ifike mayuro 30,000, zinazo mukuzidziwa. Chondiwawa chili pa zida.

Chida chilichonse chowedzera chomwe chinalowapo m'madzi a dziko lina sichiloledwa kumeneko chisanatsukidwe ndi mankhwala ophera tizilombo: ndodo, reel (kokulungirapo chingwe), chingwe, ntchentche zopanga zomanga pambedza ngati nyambo, kaukonde kotolera nsomba, ma wader (buluku losalowa madzi loimira m'madzi) ndi nsapato zake. Ngati munaponyapo mbedza pofuna nsomba za trout ku Nyika kapena pamwamba pa phiri la Zomba, lamuloli ndi lanu. Akuluakulu a ku Iceland amaopa tizilombo ngati Gyrodactylus salaris, kamene kanapulula nsomba za salmon m'mitsinje yambiri ya ku Norway, ndiye sindikuwada. Katsukidwe kake nkosavuta. Muchotse matope, muviike zonse kwa mphindi 10 mu mankhwala otchedwa Virkon S osungunula magalamu 10 pa lita imodzi ya madzi, mutsukuluze, muyanike. Koma pamafunika chikalata cha dokotala wa ziweto wovomerezeka, chokhala ndi chidindo.

Apa mpomwe panali mavuto. Ofesi ya za ziweto yomwe ndinapitako kuno sanamvepo zoti ndodo yowedzera nayo imalemberedwa chikalata. Wina akuti fomu yake kulibe, wina akuti wosunga chidindo wapita kumunda kukabaya ng'ombe jakisoni, mubwere masana. Masana ake, mankhwala alibe, ndikagule ndekha. Dzuwa mpaka kulowa ndili pabenchi ndi chikwama cha nsapato zonunkha. Inu lembani nokha kalatayo m'Chingerezi musanapite: mndandanda wa zida, dzina la mankhwala, mphamvu yake, mphindi, tsiku. Mankhwala mutenge anu. Dokotala angoona, asaine, adinde. Zikakanika, amatsukanso pabwalo la ndege la Keflavík mukafika ku Iceland, koma mumalipira ndipo mumadikira mutatopa kale. Zida zatsopano zosagwirapo ntchito sizifuna zonsezi, ndipo operekeza ambiri, anthu omwe mumawalipira kuti akutsogolereni kowedza, amabwereketsa ndodo ndi ma wader. Afunseni msanga, muwauze saizi ya phazi.

Ndanena za woperekeza, koma zimenezi zimayenera kuyamba miyezi ingapo m'mbuyo. Mitsinje ya kumeneko ili ndi eni ake, chilolezo amagulitsa pa ndodo imodzi pa tsiku, ndipo ndodo zake ndi zowerengeka. Ndalama ya woperekeza imatha kukhala yapadera, choncho akulembereni ngati mtengo ukuphatikiza chilolezo, galimoto, malo ogona ndi chakudya. Pamitsinje ya salmon amawedza kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 1 koloko, kenako 4 koloko mpaka 10 koloko usiku. Akati masiku atatu, nthawi zambiri mumayamba madzulo n'kumaliza masana, ndiye tikiti ya ndege muyiwerengere bwino. Kwa woyamba kumene, ine ndikuti salmon muyambe mwamusiya. Ngwokwera mtengo ndipo mutha kuponya tsiku lonse osagwira kanthu. Trout ndi char, nsomba yofanana nayo, zimaphunzitsa bwino, komanso pali khadi lotchedwa Veiðikortið lolowera nyanja zoposa 30.

Ndodo ya mafiti 9, nambala 6 kapena 7 (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chake), yogawika panayi kuti ilowe m'sutikesi. Nambala 5 imagonja ndi mphepo, chifukwa kulibe mitengo yotchinga. Muyeserere kuponya pabwalo la mpira tsiku la chimphepo, apo ayi woperekeza amene mwamulipira zodula atha m'mawa wonse akumasula mfundo pachingwe chanu. Magalasi othetsa kunyezimira kwa madzi musavule, mbedza ikabwerera ndi mphepo imalunjika kumaso. Ntchentche musagule zambiri kuno, za kumeneko monga yotchedwa Peacock woperekeza amakhala nazo.

Chikalata chija chikhale m'thumba la jekete pamodzi ndi pasipoti, osati pansi pa sutikesi.

Kuzizira musakupeputse ngakhale mutapita mu July, nyengo yawo yotentha. Kunja kumakhala madigiri 10 mpaka 13, madzi ndiye ozizira koposa, ndipo mumaimamo maola. Zathonje ayi, ngakhale jinzi, chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimakuziziritsani. Mkati muvale zaubweya, pamwamba juzi ya fleece, kenako jekete losalowa madzi. Sokosi ziwiri zothina zimatseka magazi, imodzi yokhuthala ndiyo yabwino. Lamba wa ma wader amangidwe zolimba kuti mukaterereka madzi asadzaze kumiyendo. Ngati akukutengerani kumtsinje wa Laxá pafupi ndi nyanja ya Mývatn, mugule kaneti kophimba mutu, tintchentche takumeneko timalowa m'makutu ndi m'mphuno.