Sabata imene ndinathamangitsana ndi ma voice note

Lolemba, pa 17 Juni 2019, ndinalowa m'chipinda chathu cha nkhani ku Lilongwe foni ikungonjenjemera m'thumba. Ndine mkonzi wa nkhani pa wailesi ina, ndipo sabata imeneyo a HRDC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, anali ataitanitsa zionetsero za Lachinayi, pa 20, kukakamiza Mayi Jane Ansah kuti atule pansi udindo ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho, chifukwa cha chisankho cha pa 21 Meyi, chija cha tipeksi ndi madando.

Kumayambiriro kwa mwezi womwewo MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, inali italetsa mapulogalamu oimba foni pa mawailesi. Anthu sanakhale chete ayi, anangosamukira ku WhatsApp. Gulu la mpingo, gulu la banki m'khonde, la anzathu a kusekondale, onse nkhani inali imodzi: tikumana pati, nthawi yanji, tinyamule chiyani. Wina analangiza kuti aliyense atenge botolo la madzi osukusulira utsi wokhetsa misozi. Pofika madzulo langizolo ndinali nditalilandira kasanu, komaliza kuchokera kwa azakhali anga a ku Mitundu, omwe foni yawo amatchajitsa pa golosale.

Lachiwiri linadutsa ndi misonkhano.

Lachitatu ndi limene linandiumitsa mutu. Kunatuluka voice note ya bambo wa mawu a bata, wolankhula ngati mkulu wa mpingo, akunena kuti mademo alephereka, aliyense apite kuntchito. Sanatchule dzina lake. Mnyamata amene tinkamuphunzitsa ntchito anailemba kale ngati nkhani, akufuna ilowe pa nkhani za 1 koloko.

"Achimwene, mwaitenga kuti imeneyi?" ndinamufunsa.

"Ili ponseponse, bwana."

"Ponseponse ndi ndani? Muimbireni tione."

Anangokanda m'mutu. Ndinaimbira a bungwe lija, kenako a khonsolo, chifukwa okonza zionetsero amayenera kupereka chidziwitso pasadakhale ndipo kalata imasiya mapazi. Palibe chimene chinali chitasintha. Tinaulutsa kuti zionetsero zilipo, koma kunena zoona voice note ija inali itafika kale kumene wailesi yathu siimveka n'komwe.

Lachinayi m'mawa mtolankhani wathu anali pa Community Ground, ine pa desiki, makutu ku foni ziwiri. Zithunzi zinkagwa ngati matalala pa Facebook. Chimodzi, cha sitolo ikuyaka, chinandikayikitsa: ndinachikumbukira, chinali cha pa 20 Julayi 2011, nthawi ya Bingu, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Tsiku limenelo ndinali mtolankhani wachichepere, ndipo MACRA italetsa kuulutsa zochitikazo pompopompo tinkadalira anzathu ochepa amene anali ndi Facebook ndi Twitter. Mu 2019 ngakhale kondakitala wa minibasi anali ndi bandulo yake ya WhatsApp, ndipo ndi iye amene anatiuza msewu wotsekedwa mtolankhani wathu asanafikepo. Uthenga wa kondakitalayo unali woona. Tinautsimikiza, n'kuuulutsa.

Lachisanu bwana wamkulu anatiitana, nkhope ili gwa. Ndinaganiza kuti talakwitsa nkhani. Iwo amafuna kudziwa amene anamaliza mayunitsi a mwezi wonse a mu ofesi m'masiku anayi okha. Ndinakweza dzanja.