Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku lomwe ndinagenda Alekeni

Pepani abale chifukwa chosowa masabata atatu. Foni yanga inagwera m'ndowa, moti iyi ndabwereka kwa mayi a kunyumba, ndipo andiuza kuti batire ikangotha nkhaninso ithere pomwepo. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo 8, makamaka mayi aja a ku Bembeke omwe anati analira atawerenga za maliro a achimwene. Inenso polemba misozi inkagwera pafoni. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti nanga galu uja bwanji amatsimphina pa kavidiyo kaja. Lero ndiyankha, ngakhale kuti m'nkhaniyi woipa ndine.

Mukukumbuka kuti achimwene ponyamuka ulendo wa ku Joni mu 2016 anandisiyira njinga, ngongole ya feteleza ndi kagalu kofiirira ka miyezi iwiri. Dzina loti Alekeni anatcha ndi iwo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti akunena akuchikazi kwawo. Kwathu kuno dzina la galu ndi kalata yopita kwa aneba. Njinga ndinagulitsa, ngongole ndinabweza, galu n'kutsala. Mu 2019 bokosi lawo linalowera pachipata cha Dedza, ndipo zaka ziwiri zotsatirazo ndinazimiza m'botolo la kachasu. Zimenezo ndinakamba kale, sindibwereza.

Kuthamanga ndinayamba chifukwa cha mantha. Atandiyeza BP kuchipatala, adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti ana ndili nawo angati. Mawa lake m'bandakucha ndinalowera kuphiri, Alekeni ali pambuyo. Poyamba ndinkangoyenda n'kumapuma pachitsa chilichonse, iye n'kukhala pansi kumandidikira, lilime lili panja. Patatha miyezi isanu ndi umodzi tinkafika kunsanja za mafoni zija popanda kuima. Inu a ku Lilongwe mumati mukatsika basi pa Dedza mumamva kuzizira kokha, koma dziwani kuti tauni yathuyi ili pamwamba kuposa matauni onse m'Malawi muno, ndipo nsonga ya phiri ili pa mamita 2,198. Mpweya wa kumeneko sukhutitsa. Umakoka, koma chifuwa chimangopemphabe wina.

Kuphiriko ndi komwe ndinadziwana ndi anyamata ena a mumzinda omwe ankabwera Loweruka kudzathamanga. Iwowo ndiwo anakonza mpikisano wa makilomita 30 mu February 2022, wokwera phiri, kutsikira kuseri kudutsa m'minda, n'kuzungulira kubwerera kutauni. Anthu asanu oyamba ankalandira kenvulopu. Lamulo analinena momveka bwino, sindingawanamizire: galu ayi. Choncho usiku wake ndinamanga Alekeni pamtengo wa pichesi ndi chingwe cha khonje, n'kumuikira mkute wa nsima kuti asalire.

Kunacha ndi mvumbi, tsiku lachitatu dzuwa osaoneka. Magetsi nawo kunalibe, paja inali nthawi ija namondwe Ana atangowononga ku Kapichira. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a Tadala, mvula imeneyi mukafuna chiyani kuphiri?" Ndinati walira mvula walira matope, n'kuvala nsapato zanga za pakaunjika, zomwe yakumanzere inali yosokedwa kawiri. M'thumba la kabudula ndinaika nthochi ziwiri, kachewere wophika anayi ndi mchere wokulunga papepala la shuga. Anzanga aja anali ndi tizikwama ta madzi kumsana ndi mawotchi olankhula. Tinalipo pafupifupi 40.

Chitunda choyamba chinatisefa ngati ufa. Masamba a paini akanyowa amaterera kuposa sopo, ndipo momwe anadula mitengo dothi lofiira lija limamatirira kunsapato mpaka phazi lililonse kulemera ngati njerwa. Ine njirayo ndinkaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga, moti amawotchi aja ndinkangowadutsa mmodzimmodzi akugwira mawondo. Tikuyandikira kunsanja ndinawerenga mapazi a m'matope n'kuona kuti patsogolo panga pali anthu atatu okha. Mtima unayamba kale kuwerenga ndalama. Tadala anali atangoyamba Fomu 1, ndipo fizi ya teremu yachiwiri inali isanakwane.

Ndiye ndinamva wefuwefu kumbuyo kwanga, wosakhala wa munthu.

Anali atatafuna chingwe. Kachidutswa kake kankalendewera pakhosi, thupi lonse lili matope, mchira ukugwedezeka ngati wapeza chuma. Pomwepo, pansi pa ambulera, panali mnyamata wolemba manambala m'kope. Anati, "Bambo, galuyu ndi wanu?" Ine ndinati, "Ayi, sindikumudziwa." Ndinamukana ngati Petulo, kungoti tambala panalibe. Alekeni anadumpha n'kundiika mapazi pachifuwa, ndendende pa nambala yanga. Mnyamatayo anaseka pang'ono, kenaka anati ndimubweze, apo ayi andifufuta m'kope.

Ndinakuwa kuti, "Choka! Pita kunyumba!" Anabwerera mapazi atatu n'kukhala pansi, monga ankachitira pondidikira pazitsa paja. Munthu wachisanu anatidutsa. Ndinakuwanso. Anapendeketsa mutu. Wachisanu ndi chimodzi anali akutulukira m'nkhungu.

Inu nonse mukudziwa kuti galu wa kumudzi ukangowerama ngati ukutola mwala amathawa. Ndinawerama, koma iye sanasunthe, chifukwa chibadwire sanagendedwepo ndi ine, ndipo kuwerama kwanga ankakudziwa kuti ndikumanga nsapato kapena ndikumuchotsa nkhupakupa. Anayamba kubwera kwa ine. Dzanja langa linapeza mwala, waukulu ngati kachewere wa pamsika wa Lizulu, wonyowa, wakuthwa mbali imodzi. Ndakhala ndikudziuza kuti ndinkafuna kuponya pambali. Mwina n'zoona. Koma ndinaponya ndi mphamvu zonse, ndipo unamupeza pamwendo wakutsogolo, pamwamba pa phazi.

Kulira kwake sindinakumvepo kwina. Sikunali kwa kwee kwee kuja galu amalira akapondedwa mchira. Analira kamodzi kokha, mokweza, n'kukhala chete. Anaimika mwendowo m'mwamba, magazi akutsika limodzi ndi madzi a mvula, akundiyang'ana. Sanathawe, sanauwe. Mnyamata wa kope uja anayang'ana kumbali. Ndipo ine, mwana wa mayi mmodzi ndi mwini galuyo, ndinatembenuka n'kuyamba kuthamanga.

Pano ndiime kaye. Pali bambo wina amene pa gawo 6 analemba kuti ndimadzikometsera m'nkhani zangazi. Bambo inu, werengani ndime ili pamwambayi kawiri. Ndikanatha kulemba kuti galuyo anaponda botolo losweka, palibe akanadziwa, poti mnyamata uja sindinakumane nayenso. Ndipo enanu musathamangire kunena kuti inali nkhani ya fizi. Fiziyo inalipodi, koma pamene ndinkatola mwala uja m'mutu mwanga munalibe Tadala. Munali manyazi oti anthu a mumzinda andiona ngati wakumudzi woyenda ndi galu paliponse.

Kutsetsereka kwa kuseri kunali kwa matako. Nkhungu inatseka moti phiri la Chongoni, lomwe tsiku labwino limaoneka ngati ungalikhudze, kunalibe. Ndinagwa kanayi, ndinaponda mzere wa linthumbu n'kuthamanga ndikudzimenya m'miyendo, ndipo chala chachikulu chinatulukira pomwe anasoka paja. Nthawi yonseyi sindinacheuke. Ndinkadziwa kuti alipo. Ndikaima kuti ndinyambite mchere, kumbuyo kunkamveka tswa tswa m'chimanga, kenaka zii. Ankasiya mtunda woti mwala sungafike.

Titadutsa makilomita 20 tinafika pakamtsinje kena kamene chilimwe umangolumpha. Tsikulo kanali katadzaza, madzi ofiira ofika m'chiuno, akukokolola mapesi ndi zinyalala. Ndinawoloka ndikugwira bango. Ndili tsidya ndinamva kulira kwapansipansi. Anali ataima m'mphepete ndi miyendo itatu, akuika phazi m'madzi n'kubweza, kuika n'kubweza. Galu amene ankasambira padamu osaitanidwa.

Ndinaima pamenepo nthawi yomwe sindingaiwerenge. Anandidutsa anthu awiri, wina n'kunena kuti, "Tiyeni madala, yatsala pang'ono!" Ndinakumbukira achimwene pa depoti tsiku lonyamuka lija, akundipatsira kagaluko m'katoni ya sopo, akuti, "Mphwanga, usamakamenye, kamamva Chichewa." Ndinabwereranso m'madzi muja. Nditafika pafupi anafuna kuthawa, n'kugwa. Ndinagwada m'matope, manja onse ali poyera kuti awaone, n'kumuitana mayina onse omwe ndinkamutcha. Mwina panatha mphindi khumi asanalole kuti ndimugwire. Thupi lake linkanjenjemera ngati la mwana wa malungo.

Ndinamuika m'khosi monga tinyamulira mbuzi, miyendo iwiri uku iwiri uku. Galu wonyowa amalemera, abale, ndipo fungo lake silichoka msanga. Pamudzi woyamba gogo wina amene ankakazinga chimanga pakhonde anati, "Ababa, nanga galu ndiye wakwera munthu lero?" Nditawaonetsa balalo anang'amba m'mphepete mwa chitenje chakale n'kumanga okha, akufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinati anyamata ena osamva. Bodza lachiwiri tsiku limodzi.

Makilomita otsalawo tinkasinthana, pena ndimunyamule, pena atsimphine pambali panga. Kachewere yense anadya iye. Tinafika kutauni patatha maola opitirira asanu ndi limodzi, anthu akupinda kale tenti, ndipo dzina langa silinalembedwe paliponse. Sindinadandaule, lamulo ndinalimva ndekha. Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi alamu anga aja, mukuwadziwa a pa gawo 4, omwe anakafalitsa pabawo kuti andiona nditaledzera ndikuvina ndi galu m'khosi, ndayambiranso kachasu. Alamu, ndikudziwa mumawerenga pafoni ya akazi anu. Kuyambira 2021 sindinalawepo ngakhale kadontho, ndipo fizi ya Tadala ndinalipira nditagulitsa matumba atatu a kachewere, osabwereka kwa inu.

Alangizi a ziweto atamuona anati fupa silinathyoke koma mtsempha unavulala, ndiye kutsimphina munaona kuja. Kukazizira mu June kumaonekera kwambiri. Kuphiri timapitabe limodzi, pang'onopang'ono, poti nayenso wakula. Amadya m'manja mwanga, amagona pakhomo la chipinda chathu. Koma m'mawa uliwonse ndikawerama kuti ndimange nsapato, Alekeni amadzuka mwakachetechete n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, mpaka nditaweramuka.