Maulendo anayi ku depoti: mmene tinagulira matumba awiri a amayi

Matumba a feteleza aja afika pakhomo, lina tathira kale kumunda, ndiye mtima wakhalako pansi moti ndikhoza kulemba osatukwana munthu. Ndikulembera inu amene dzina lanu kapena la kholo lanu latuluka pa pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, imene mu 2023 inkatchedwa AIP, koma simunakagule, makamaka anzathu a m'tauni amene mumangotumiza ndalama pa foni n'kunena kuti "mayi akagule feteleza", ngati akukagula mchere pa okala. Ife zatitengera maulendo anayi, ndipo mwa anayiwo muli tsiku limodzi lomwe ndikaliganiza mpaka pano nsima imandikanika kumeza.

Kwathu ndi ku Dowa. Dzina lomwe linatuluka ndi la amayi, langa ayi. Mu 2023 opindula anachepetsedwa kufika pa 1.5 miliyoni dziko lonse, pomwe pulogalamuyi ikuyamba mu 2020 anali oposa 3 miliyoni, choncho m'mudzi mwathu mabanja ambiri anangotsala kukamwa yasa. Za kalembera wa mayina sinditaya nthawi, mukudziwa kale: amfumu aitanitsa msonkhano, alangizi abwera ndi mapepala, awerenga mayina, ena aseka, ena abwerera akung'ung'udza. Chokhacho, pitani nokha mukamve ndi makutu anu, osadalira "ndamva kuti mwatuluka".

Mu 2023 mtengo unali K15,000 thumba la makilogalamu 50, ndipo munthu mmodzi ankagula awiri, wokulitsa wa NPK ndi wobereketsa wa Urea. Mu 2020 thumba lomweli linali K4,495, kenako linafika pa K7,500. Amayi amakumbukabe K500 ya nthawi ya makuponi, ndipo akaitchula amapukusa mutu ngati akunena za malemu. Koma yerekezani ndi m'sitolo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi linali litadutsa kale K70,000. Mukaona kusiyana kumeneko mumvetsa chifukwa chake pa depoti pamadzadza anthu omwe alibe ngakhale mzere umodzi wa chimanga.

Musanamizidwe kuti K30,000 ya matumba awiriwo inali yokwanira. Ife tinabwereka K40,000 ku banki m'khonde ya mlongo wanga poganiza kuti yapamwambayo ikhala ya kabaza, koma inatha ulendo wachiwiri usanathe. Maondo a amayi ndi ovuta, sangayende makilomita 14 wapansi, ndipo mwini chiphaso amayenera kuonekera yekha. Njinga yamoto kupita ndi kubwera anthu awiri, kuphatikiza kachakudya ka masana, tsiku lililonse ndalama imachoka ngati madzi m'dengu. Ndinagulitsa nkhuku zitatu ndi tambala yemwe ndinkasungira Khirisimasi.

Ulendo woyamba unali wopusa, ndipo kupusako kunali kwanga. Ndinamva pa chigayo kuti feteleza wabwera, osafunsanso kawiri. Tinalawirira, kufika dzuwa likutuluka, n'kupeza chitseko chotseka, mlonda akuwotha moto. "Galimoto ili m'njira, bambo." Ili pati? "M'njira." Tinakhala mpaka 11 koloko n'kubwerera. Apa phunziranipo: pezani munthu wogulitsa pafupi ndi depotiyo, mutenge nambala yake. Ine ndinagwirizana ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamenepo kuti akangoona lole ikutsitsa andiflashe. Mayi ameneyo wandithandiza kuposa wina aliyense pa nkhani yonseyi, ndipo malipiro ake anali kumugula zitumbuwa basi.

Patatha masiku asanu foni inalira madzulo. M'mawa mwake tinapita, matumba tikuwaona ndi maso athu, ataunjikidwa mpaka kudenga. Vuto linali netiweki. Kwa amene simunaonepo mmene zimayendera: kalaliki amakhala ndi foni, amajambula kachizindikiro ka timadonthomadontho kamene kali pa chiphaso cha unzika, foniyo imaonetsa dzina lanu ndi zomwe mukuyenera kugula, mumalipira, akupatsani lisiti, mukanyamule thumba. Netiweki ikagwira, munthu mmodzi satha mphindi zisanu. Ikapanda kugwira, palibe chimene chingachitike, kaya ndalama zili m'manja, kaya feteleza ali pamphuno panu. Tsiku limenelo kalaliki ankatuluka panja, kukweza foni m'mwamba, kupita kuseri kwa nyumba, mpaka kukwera pa chulu, gulu lonse likumutsatira ndi maso ngati tikuyang'ana mwezi. Tsiku lonse anagulitsa anthu osakwana 20. Sindimuda mnyamatayo, nayenso thukuta linali kamukamu. Koma amene anaganiza zoti chakudya cha mudzi wonse chidalire foni, akanayamba wabwera kwathu kuno adzayese kuimba.

Ndaiwala kunena chinthu china chomwe chikanatigwetsa. Musananyamuke, chiyang'aneni chiphasocho. Amayi amasunga chawo m'kapepala ka shuga, n'kumanga pa mfundo ya chitenje limodzi ndi ndalama, moti chinapindika pang'ono ndipo kachizindikiro kaja kanali ndi litsiro. Chiphaso chimenechi anachitenga pa kalembera wa 2017, ndiye taganizani zaka zonsezi chili m'chitenje. Ndinachipukuta ndi kansalu konyowa, n'kuchipanikiza m'Baibulo usiku wonse kuti chiwongoke. Bambo wina patsogolo pathu chake chinali chokalikakalika, foni inakana kuchiwerenga, anamubweza atakhala pa mzere kuyambira usiku.

Tsopano ulendo wachitatu. Tinagwirizana ndi amayi kuti tikagone komweko. Tinafika madzulo ndi bulangete limodzi, chimanga chokazinga ndi botolo la thobwa, n'kupeza anzathu ambiri atayala kale zitenje pakhonde la sitolo yoyandikana nayo. Usiku kunagwa mvula yamphepo, khonde losakwanira, tonse tinanyowa miyendo. Udzudzu osanena. Amayi sanagone, ankangosisita maondo.

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kunabwera anyamata atatu, mmodzi atanyamula kope ndi tochi. Sanali ogwira ntchito pa depotipo, koma ankalankhula ngati eni ake. Akuti pofuna kuti pasakhale chipwirikiti, aliyense alembetse dzina, apatsidwe nambala, ndipo apereke chiphaso kuti akaziike mundondomeko, kalaliki akafika azingoitana. Zinamveka zanzeru. Anthu otopa, onyowa, ndani akanatsutsa? Amayi anapatsidwa nambala 23. Ndinapereka chiphaso chawo ndi dzanja langali.

Chiphaso chisachoke m'manja mwanu. Ndibwereza mpaka mutope nane.

Depoti inatsegulidwa cha m'ma 8, netiweki ikugwira bwinobwino tsiku limenelo. Anaitana nambala 1 mpaka 9, kenako zii. Koma matumba akutuluka! Tikuona njinga zamoto zikuima kuseri, kumangirira matumba awiriawiri, kunyamuka, kubweranso. Amuna ovala majekete, aliyense ali ndi mpukutu wa ziphaso womanga ndi labala, akulowa ndi kutuluka ngati kwawo. Amenewo ndi mavenda. Amayenda m'midzi nthawi ino ya njala, pamene nkhokwe zili mbee, n'kumagula ziphaso kwa anthu omwe alephera kupeza ndalama ya matumba awiriwo, kuwapatsa kandalama kogulira mgaiwa wa sabata imodzi, iwo n'kudzagulitsa feteleza yemweyo pa mtengo wa m'sitolo. Wogulitsa chiphasoyo sindimuweruza, mwana akamalira ndi njala lero suganiza za Epulo. Koma kuti wogula ziphaso makumi awiri adutse gogo amene wagona pa simenti, pamenepo ndiye panandiwawa.

Itakwana 11 ndinapita kwa mnyamata wa kope uja.

"Achimwene, nambala 23 ifika liti?"

"Dekhani, bambo, zikuyenda."

"Zikuyenda bwanji poti chiitanireni 9 ndi m'mawa?"

Anandikokera pambali. "Inunso mukudziwa mmene zimakhalira. Ikanipo ya fanta, agogowa apite akapume."

Ya fanta yake inali K3,000 pa thumba. M'thumba mwanga munali K30,000 ya feteleza ndi K4,000 ya kabaza wobwererera, basi. Ndinamuuza kuti ndilibe, ndipo angondibwezera chiphaso cha amayi ndikaime nacho ndekha pakhomo. Apa ndi pamene nkhope yake inasintha. Akuti ziphaso zalowa kale mkati. Ndinapita pa zenera, kalaliki akuti iye sanalandire chiphaso cha munthu aliyense, amajambula chomwe chabwera patsogolo pake. Kubwerera kwa mnyamata uja, wasowa. Mnzake akuti wapita kukadya.

Maola atatu ndinazungulira pa tuledingi senta ponse ngati nkhuku yodula mutu, m'malesitilanti, ku mabawo, kokonzera njinga. M'mutu mwanga munkangobwera za mayi wina amene tinagona naye pakhonde, wochokera mudzi wa kutsidya kwa dambo. Iye chake anachipereka dzulo lake, ndipo atachilandira n'kufika pa zenera, foni inaonetsa kuti wagula kale matumba onse awiri. Anakhala pansi pomwepo, ndalama zili m'manja, osalira, kumangofunsa aliyense wodutsa kuti, "Ndagula liti ine?" Palibe anamuyankha.

Mnyamatayo ndinamupeza kuseri kwa chigayo akuwerengerana ndalama ndi mmodzi wa a majekete aja. Sindine munthu wandewu, koma ndinamugwira malaya. Anthu atayamba kusonkhana, anapisa m'thumba la kumbuyo n'kutulutsa ziphaso zisanu ndi chimodzi, cha amayi chili pakati. Sichinalowe n'komwe mkati. Ndinathamanga nacho ku depoti, n'kupeza akukoka chitseko. Nthawi yakwana, mubwere Lolemba.

Amayi ndinawapeza atakhala pa mwala, bulangete lonyowa lija lili pamiyendo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangoti, "Mwana wanga, tiye tizipita, mbuzi sizinamwe madzi." Pa njinga palibe analankhula. Titafika anachilandira chiphaso chija, kuchiyang'ana mbali zonse, n'kuchimanganso pa mfundo ya chitenje, mfundo ziwiri.

Loweruka ndi Lamulungu sindinagone tulo, poopa kuti mwina anachijambulitsa kale. Ndinapita kwa amfumu kukafotokoza, iwo anaimbira alangizi, ndipo zinaoneka kuti odandaula tinali ambiri, midzi ingapo. Ichi chitaninso inu: zikakuchitikirani musangobwerera n'kukadandaulira akazi anu kunyumba, kauzeni amfumu ndi alangizi tsiku lomwelo, ndipo mupite muli gulu. Munthu mmodzi amamuseka, anthu khumi amawamvera.

Lolemba zinthu zinali zina. Panali a komiti ya chitukuko cha m'dera ndi wapolisi mmodzi, mizere iwiri, amayi kwawo abambo kwawo, okalamba ndi oyembekezera patsogolo, aliyense chiphaso chake m'manja. Anyamata a kope aja osaoneka ngakhale mthunzi. Kalaliki atajambula cha amayi, foni inazungulira kanthawi, ine mtima uli m'mwamba, kenako dzina linatuluka, matumba onse awiri alipo. Isanakwane 10 koloko tinali titamanga katundu pa njinga. Ntchito ya mphindi zisanu, masiku anayi.

Musanachoke pa zenera werengani lisiti, muone ngati alemba matumba omwe mwalipira, ndipo muisunge. Thumba nalo liyang'aneni msoko wake ngati sunasokedwenso, mulinyamule mumve kulemera, mulipapase ngati feteleza sanaundane ndi chinyezi. Mukapeza kuti pali mtundu umodzi wokha, kaya Urea yekha, funsitsani kalaliki ngati mukagula limodzi linalo mudzaloledwe kudzagula tsiku lina, ndipo mufunse pali anthu akumva. Tengani chingwe chanu ndi pepala lapulasitiki lofunditsa, chifukwa Urea akanyowa ndiye mwataya ndalama. Wakabaza mugwirizane naye mtengo wa matumba musanakweze, apo ayi akutchulirani mtengo wina mutafika pakhomo. Ndipo chiphaso, ndanena kale, chisachoke m'manja mwanu, ngakhale wochipemphayo atavala tayi.

Chimene chikundiwawabe n'chakuti mbewu siidikira mzere. Wokulitsa amafunika kuthira chimanga chikangomera, sabata isanathe, wobereketsa n'kutsatira patapita masabata atatu. Chathu chinali chitatha masabata atatu chimerereni, masamba ayamba chikasu, pamene tinkathira woyambayo. Komanso matumba awiriwo si a amayi okha ayi. Pakhomo pali iwo, mlongo wanga ndi ana ake, ndi ine, minda itatu. Tinagawana ndi mbale, ndipo theka la Urea tapangira manyowa a Mbeya monga anatiphunzitsira alangizi: makilogalamu 10 a feteleza kusakaniza ndi gaga, phulusa, ndowe zouma ndi madzi pang'ono, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati, n'kusiya pamthunzi masiku 21. Akapsa adzapeza chimanga chitakula kale, koma tithira ndithu, ndi chitsekero cha botolo phando lililonse.

Ngongole ya ku banki m'khonde ikudikira kumapeto kwa mwezi uno ndi chiwongoladzanja chake, nkhuku zatsala ziwiri. Dzana ndinadutsa pa depoti paja popita kukagula mankhwala a mbozi, ndipo mayi wa zitumbuwa uja anandikodola n'kundilozera pakhonde. Mayi wa kutsidya kwa dambo uja anali pomwepo, kalata ya amfumu ili m'manja, akudikira kuti alangizi abwere adzaone nkhani yake. Akuti ndi ulendo wake wachisanu ndi chiwiri, ndipo chimanga chake chafika kale m'maondo.