Ng'oma ya besi m'kachipinda

Anzanga oimba, musamafulumire kunyoza ng'oma yanu ya besi, nthawi zambiri vuto limakhala chipinda. Ng'oma yomwe imagunda bwino m'tchalitchi chachikulu, mukailowetsa m'kachipinda ka simenti imangoti wuuu, kugunda kwake osamveka. Funde la mawu a besi a 60 Hz (mawu onjenjemera ka 60 pa sekondi) ndi lalitali pafupifupi mamita 6, ndiye m'chipinda cha mamita 3 limangowombana ndi makoma. Mukaima pakona, besi imachita kugwedeza chifuwa, koma mukafika pakati imazimiririka. Zimandiwawa ndikaona anyamata akumata mathireyi a mazira pakhoma, amenewo ndi opyapyala, besi sangaimeze. Ichotseni pakona ng'omayo, m'makonamo muimikemo matiresi okhuthala, ndipo m'kati mwa ng'omayo muikemo pilo wokhudza chikopa.