Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Kugula Makutu mu Harare

Fakitale ya zitsulo ya ku Workington, dera la mafakitale mu Harare, imene ndinakamba m'gawo lapitalo, inaphunzitsa ana anga onse sukulu, koma inanditengera makutu. Masiku amenewo zotseka m'makutu kufakitaleko kunalibe. Amene wafuna ankangotsomeka thonje. Akatswiri amati phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ukamakhala nalo maola 8 tsiku ndi tsiku, limawononga khutu pang'onopang'ono. Ife tinkamenya malata ndi nyundo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Kugontha kwa mtundu umenewu n'kochenjera. Galimoto ikamadutsa ndinkaimva, ng'oma za gule ku Mufakose ndinkazimva, koma mawu a amayi ndi a ana ankafika oduka mitu. Usiku makutu ankalira ngati nyenje. Pa misonkhano ya bungwe lathu la maliro ndinkangogwedeza mutu, mpaka tsiku lina ndinavomera usungichuma osadziwa kuti akunena ine. Mayi a kunyumba ndi amene anatopa. "Bambo a Tadala, kodi ndi mwano kapena ukalamba? Ndaitana mpaka nsima yapola."

Mu 2019 Tadala ananditengera kwa dokotala wa makutu ku Avenues. Mtsikana amene anandiyeza, Mshona waulemu kwambiri, ankanditchula kuti Sekuru, ndiye kuti agogo. Anayamba wasuzumira m'khutu ndi katochi kuona ngati phula latseka, chifukwa ena amalowa akuti agontha n'kutuluka akumva atangowatsuka. Ine munali mbee. Kenako anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka, kundiveka mahedifoni, n'kundipatsa kabatani koti ndizidina ndikamva kulira. Pepala litatuluka, mzere unayenda bwino pa mawu a besi, koma pofika pa mawu opyapyala a 4,000 hertz unagwera m'chidzenje. Iye anati chidzenje cha pamenepo ndi chidindo cha phokoso la kuntchito. Timaubweya ta mkati mwenimweni mwa khutu tikafa sitimeranso, ndipo toyamba kufa ndi timene timagwira mawu opyapyala monga s ndi f.

Apa ndiime kaye, chifukwa achimwene ena a kutchalitchi kwathu ku CCAP amagula timakina ta mumsewu m'tauni, totsika mtengo, n'kumati apeza hearing aid, makina othandiza kumva. Timeneto timangokweza chilichonse mofanana: mawu a abusa, kukhosomola kwa mnzako, mpando ukakhula pansi. Kwa munthu ngati ine, amene besi amaimva kale, ndi kuwonjezera phokoso pa khutu lovulala. Yeniyeni amaichuna pa kompyuta motsatira pepala lako lija, kuti ikweze pokhapo pamene pakuperewera.

Ndili mwana ku Mbare, pamene tinkakutchabe Harari, kunali mkulu wina wochokera ku Ntcheu amene ankayenda ndi kabokosi m'thumba la malaya, waya n'kukwera mpaka kukhutu. Ukafuna kulankhula naye unkalankhulira pachifuwa pake. Zimene mtsikana wa ku Avenues uja anandiyalira patebulo tsiku limenelo zinali za dziko lina. Kuyambira 1996 makampani monga Widex ndi Oticon anayamba kugulitsa za digito, zimene zimasiyanitsa mawu a munthu ndi phokoso lozungulira. Mu 2014 kunabwera zolumikizana ndi iPhone, moti foni imalirira m'khutu momwemo, ndipo mu 2016 Phonak inatulutsa zotchaja ngati foni.

Tadala anathamangira kakang'ono kobisala mkati mwa khutu. "Ababa, tengani aka, anthu sazindikira." Manyazi a chiyani pa msinkhu wangawu? Zala zanga ndi za munthu wa nyundo, kabatire kake sindikanatha n'kukatola komwe. Ndiponso tating'onoto sitikhala ndi mphamvu zambiri, timatsekeka msanga ndi phula. Zotchaja zinandikopa, koma chaka chimenecho madzi anatsika ku damu la magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, n'kuyaka pakati pa usiku. Ndinamva za Tendekayi Katsiga, Mzimbabwe amene anakapangira ku Botswana chotchajira mabatire a timakinati ndi dzuwa, ndipo ndinati ameneyo ndiye akudziwa kumene tikukhala. Ndinasankha ya kuseri kwa khutu, ya mabatire a nambala 13, a kapepala ka olenji. Umamatula kapepalako, kudikira kamphindi kuti mpweya ulowe, kenako n'kuika. Ukamatula, batire yayamba kutha, ugwiritse ntchito kapena ayi.

Funso limene ndimanyadira kuti ndinafunsa ndi lakuti: ikawonongeka imakonzedwa kuno kapena mpaka ku Joni? Munthu afunse zimenezo asanatulutse ndalama, afunsenso ngati kubwerera kukachunitsa kuli mu mtengo womwewo. Mtengowo unandiumitsa pakamwa. Boma linali litangoletsa kugulira madola a ku America mu June, koma katundu wochokera kunja ankawerengedwabe m'madola. Mwana wanga wa ku Johannesburg ndiye anatsekera pamene panaperewera, ndipo tinagula ziwiri, chifukwa makutu onse anali ofanana pa pepala.

Masabata oyamba ndinatsala pang'ono kuziponya m'dirowa. Mbale zikagundana mutu unkachita waa, mawu anga omwe ankamveka achilendo, ndipo pa renki ya makombi (maminibasi) ku Copacabana, mahwindi oitanira anthu akamakuwa, ndinkazivula n'kuziika m'thumba. Mtsikana uja anatsitsa pang'ono mawu akuthwa, nati ubongo unaiwala ndipo uyenera kuphunziranso, choncho ndizivala tsiku lonse osati Lamlungu lokha. Ndinamvera. Pagulu, anthu ambiri akamalankhulira pamodzi, mpaka lero ndimaphonyabe zina, koma pa msonkhano wotsatira ndinamva bwinobwino ndondomeko yonse ndipo usungichuma uja ndinaubweza.

M'gawo likudzali ndikamba za ulendo wa pabasi wodzera ku Nyamapanda ndi Tete, pamene ndinakaona mudzi wa bambo anga ku Dedza.